Bakha Ali Kumanzere

Ku Joni kuno ndanama mabodza ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo sindichita nawo manyazi. Ndinanamiza apolisi ku Joubert Park kuti pasipoti ndaisiya m'thumba la diresi lina. Ndinanamiza madamu anga a ku Randburg kuti galu wawo ndimamukonda, chigalu chonunkha m'kamwa chija. Koma pali bodza limodzi limene ndikalikumbuka thukuta limatuluka m'khwapa mpaka lero, ndipo linali la bakha wapulasitiki.

Mng'ono wanga anabereka mapasa aakazi omatana mitu. Anamatana kunkhongo, wina kuyang'ana uku wina uko, ngati anthu oyambana. Bambo wa anawo atangowaona anati akukagula mayunitsi, ndipo mpaka pano akugulabe. Ndiye tinawalera awiri, ine ndi mayi wawo, m'fulati ya ku Berea imene tinkagawana ndi amalume athu, nkhalamba yomwe inabwera nthawi ya migodi n'kuiwala njira ya ku Mulanje.

Poti anabadwa ndi mpeni, onse nthawi imodzi, panalibe wamkulu kapena wamng'ono. Ife tinkangoti wolongolola ndi wofatsa. Wolongololayo pakamwa pake panali ngati wayilesi yosowa pozimitsira. Wofatsayo mawu ake ankawasunga ngati mchere wopempha, koma akalankhula, unkalakalaka akanangokhala chete. Ankayenda chammbali ngati nkhanu, akukangana za kolowera. Amati mutu umodzi susenza denga, koma ndikuuzeni ine, iwiri yomatana siilowa m'chipewa, siilowa mu juzi, ndipo mu tekisi anthu amaiwala kutseka pakamwa. Abusa a mpingo wathu wopempherera mu holo analengeza kuti awalekanitsa ndi kusala kudya. Anasala masiku atatu. Chimene chinalekana ndi mimba yawo ndi lamba wa thalauza, ana anga ali chimatanire.

Nkhope ya mnzake aliyense ankaidziwira pa foni basi. Maso ndi maso anali asanaonanepo.

Panali kanthu kena kamene tinkakadziwa m'nyumba mokha. Wofatsayo ukamuikira mbale ya mpunga, ankadya mbali ya kumanja yokha n'kuyamba kulira kuti chakudya chatha. Ukaitembenuza mbale ija, ankaseka ngati wamuwonjezera. Kapu ikakhala kumanzere kwake ankaigunda ndi chigongono tsiku ndi tsiku. Pofika zaka zitatu anali ataphunzira yekha: akamaliza mbali imodzi, kadzanja kake kankazungulitsa mbale, osafunsa munthu. Maso ake anali owala bwinobwino, opanda ng'ala, opanda manthongo, koma chilichonse cha kumanzere kwa iye kunalibe. Kuchipatala sitinanene. Palibe anatifunsa za mbale.

Anawo akuyandikira zaka zinayi, madokotala anatopa ndi kuwajambula ndi kuchita misonkhano, n'kutiuza kuti opaleshoni yowalekanitsa itheka. Koma choyamba aliyense ayezedwe payekha: mtima, magazi, makutu, maso. Nditawerenga kalatayo mokweza kukhitchini, amalume anaika kapu ya tiyi pansi.

"Maso?" anatero. "Basitu, zatha. Wofatsayu alephera."

Kenako anatiuza nkhani imene tinali titaimva kakhumi, koma tsikulo inandilowa. Iwo diso lawo lamanzere linafa ali mwana, chitsotso cha udzu. Polemba anthu a kumigodi ankawavula malaya, kuwaimika pamzere, n'kuwawerengetsa zilembo pakhoma. Amalume anaima kumbuyo, khutu lili tcheru, kuloweza zimene anzawo akutsogolo ankanena. Itafika nthawi yawo anawerenga zonse mpaka tating'ono ta pansi, ndi diso lakufalo. Anakwera ndege. Mnzawo wina woopa Mulungu anavomera kuti amatsokomola m'mawa, ndipo anabwerera kumudzi pa lole tsiku lomwelo.

"Mwana wa mlongo wanga, mvetsa," anatero akundiloza ndi supuni. "Munthu wa pepala akamakuyeza sakufuna kukuthandiza ayi. Akufunafuna chifukwa chokubwezera. Wovomera ndiye amakwera lole."

Ine ndinawakhulupirira. Ndaima pa mizere yambiri m'dziko muno, ndipo paliponse kakasowa kanthu kamodzi amakuuza kuti ubwere mawa, mawa lake losafika. Ndinaganiza kuti anthuwa angatayirenji tsiku lathunthu, madokotala chipinda chodzaza, pa ana a makwerekwere, monga amatitchulira alendofe kuno, wina mwa iwo woona theka? Apeza chilema chimodzi chowonjezera, atiuza kuti pepani. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. A amalume anagonera mpaka kusasa, ine n'kumwa ndithu.

Mng'ono wanga Chingerezi chake n'cha moni ndi zikomo. Ine zaka zonse za ku Randburg zinandiphunzitsa kukangana ndi mzungu mpaka iye kutopa. Choncho kuchipatala womasulira ndinali ine, ndipo udindowo ndinkaunyadira ngati ndavala yunifolomu.

Dokotala wa maso anali mayi wamfupi, wa magalasi okhuthala ndi nsapato zothamangira. Anakhala pansi penipeni, pa simenti, kuti alingane ndi anawo. Anafotokoza bwino, ndisamunamizire. Anati diso ntchito yake n'kutola chithunzi basi, koma kuona kwenikweni kumachitikira kumbuyo kwa mutu, pomwe anawa anamatanapo, pomwenso mipeni idzadutse ndi mitsempha ya magazi idzagawidwe. Anati akufuna kudziwa mmene aliyense akuonera lero, kuti pambuyo pa opaleshoni chikasintha chinachake adziwe msanga n'kuthamangira kukonza.

"Akuti chiyani, achemwali?" anafunsa mng'ono wanga.

"Akuti akufuna aone ngati anawa ali oyenera," ndinatero.

Ndinamva zimene dokotala ananena, koma ndinazimva ndi makutu a amalume.

Anayamba ndi timakadi ta zithunzi, kanyumba, kansomba, kansapato, tikucheperachepera. Onse awiri anakhoza, poti zinali kutsogolo. Wolongolola anawonjezera kuti nyumbayo ilibe chimbudzi. Kenako inafika nthawi ya m'mbali. Poyeza wofatsa, dokotala anamanga wolongololayo kansalu kumaso kuti asathandize mnzake, ndipo iye anadandaula ngati akumuzula dzino. Dokotala anatenga ndodo yaitali, kunsonga kwake kuli bakha wachikasu. Mwana ayang'ane mphuno ya dokotala osagwedezeka, bakha azibwera pang'onopang'ono kuchokera kumbali, mwana anene akangomuona.

Kumanja sizinavute. Bakha asanafike n'komwe, "Bakha!"

Kumanzere bakha anabwera, anabwera, anafika pafupi ndi tsaya. Mwana ali phee, maso pa mphuno ya dokotala. Dokotala anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndimukumbutse mwanayo kuti anene akaona kanthu.

Ndinaweramira kwa mwanayo. "Akuti uziyang'anabe mphuno yawoyo, mwanawe, ndipo bakha ali kumanzere, nena msanga."

"Bakha!" anatero wofatsa.

Dokotala anachotsa bakha n'kuika nsomba. "Akuti usagwedeze mutu, iwe, nsomba." "Nsomba!" Anaika kagalimoto. "Akuti ukuchita bwino, mwana wabwino, galimoto tsopano." "Galimoto!"

Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati chinenero chathu chikuoneka kuti chili ndi ziganizo zazitali.

"Ndi ulemu, adokotala," ndinayankha nkhope ili gwa. "Kwathu mwana sitimangomulamula ngati mbuzi."

Anakwinya pang'ono. Anati n'zachilendo kuti maso a mwanayu sakudumphira chidole ngati mmene ana amachitira. Ndinati mwanayu ndi womvera, mwamuuza mphuno, ndiye mphuno basi. Anati akanakonda kumuyeza ndi makina a timawaya tomata kunkhongo, koma nkhongo yake inali ya anthu awiri, pomata panalibe. Anawathira mankhwala m'maso, n'kuunika mkati ndi katochi, n'kupeza kuti maso enieniwo ndi abwino. Kenako analemba papepala kuti onse awiri akuona mbali zonse.

Ndinatuluka m'menemo ndikuyenda ngati ndawina mpira. Ndinagulira anawo tchipisi ku Joubert Park. Tili m'njira mng'ono wanga anati, "Achemwali, koma tachita bwino?"

"Iwe, usandisokose. Ana akhoza mayeso."

Amalume madzulo amenewo anandigwira dzanja ngati mwamuna mnzawo.

Opaleshoni inachitika m'magawo, miyezi ingapo, ndipo gawo lomaliza linatenga tsiku lonse. Za kudikirako sindinena, ndinapemphera mapemphero ngakhale a mipingo imene ndimainyoza. Chimene ndinena n'chakuti tsiku lina ndinalowa mu wodi n'kupeza mabedi awiri. Awiri! Ndinakhala pansi pomwepo. Wolongolola ndiye anayamba kudzuka, n'kufunsa yogati. Chilonda chake chinavuta pang'ono, choncho anamuika chipinda china. Wofatsa anadzuka mochedwa, wofooka, mutu wokulungidwa ngati kabichi wa pamsika.

Tsiku lachisanu chiwalekanitsire, dokotala wa maso anabweranso ndi bakha wake. Ine ndinali ku Randburg, poti madamu anali ndi alendo ndipo anati tchuthi chandikwana. Kuchipatala anapeza womasulira wina, nesi wa ku Zambia, wa ku Chipata, Chinyanja chake chokhota pang'ono koma chomveka. Mayi ameneyo analibe amalume a kumigodi. Dokotala akanena mawu atatu, iye ankanena atatu.

Foni inalira ndikusita bulauzi. Anali mng'ono wanga. "Achemwali, bwerani. Akufuna kumubwezanso ku fiyeta. Akuti saona kumanzere."

Bulauzi ija ndinaisiya ndi chizindikiro cha simbi chimene madamu amandikumbutsa mpaka lero.

Ndinapeza madokotala atatu ataima pa bedi la wofatsa. Wamkulu wa opaleshoni, chimunthu chachitali cha manja aubweya, anandifotokozera mofulumira. Pepala likuti mwanayu asanalowe ku fiyeta ankaona mbali zonse. Lero kumanzere saona kalikonse. Amujambula, ndipo pali kachinthu pafupi ndi malo oonera, mwina n'kakale, mwina ndi magazi oundana a dzana. Pakati pa kutupa konseko sangasiyanitse. Koma poti kuona kwatayika tsopano lino, ayenera kutsegulanso lero lomwe, zisanafike posabwerera. Dokotala wogoneka anthu anali pambali, nkhope yake yosakondwa n'komwe. Anati mwanayu ndi wofooka, kumugonekanso kachiwiri sabata imodzi si masewera.

Fomu inali pa kathebulo. Mng'ono wanga anagwira cholembera, koma anali asanasayine. Anali atawauza kudzera mwa nesi uja kuti akudikira akulu ake.

Ndinamukokera pakhonde. "Bwanji sunawauze za mbale?"

"Ndikanati chiyani? Kuti achemwali anga ndi abodza, pamaso pa alendo?" Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Komanso akadziwa kuti tinanama, satithamangitsa? Winayo akadali ndi chilonda."

Ndinaimbira amalume, sindikudziwa kuti ndinkafuna chiyani. Iwo sanachedwe. "Usavomere! Ukavomera akuitanira apolisi, ndipo mapepala akowo ukuwadziwa wekha. Madokotala akudziwa ntchito yawo, asiye atsegule."

Asiye atsegule. Ngati akunena chitini cha nsomba.

Ndinabwerera m'chipindamo ndili ndi mantha enieni, osati ongoyerekeza. Ndinkaopa apolisi, ndinkaopa lole ya amalume, ndinkaopanso manyazi, poti ine ndine uja wodziwa Chingerezi, wosalakwa m'banja mwathu. Ndinayang'ana pabedi. Kamwana kaja kanali kutsegula ndi kutseka maso, timanja tili ndi mabala a singano mbali zonse, khosi lowonda ngati la nkhuku yonyonyoka. Anthu awa amafuna kukasemanso mutu umenewu kufunafuna chinthu chimene sichinatayike, chifukwa cha pakamwa panga.

Chingerezi changa chonse cha ku Randburg chinathawa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Adokotala, bakha uja ndinali ine."

Onse anandiyang'ana ngati ndapenga. Ndinabwereza m'Chichewa kwa nesi wa ku Chipata, zonse, za ziganizo zazitali, za nsomba, za galimoto. Nesiyo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Amayi, munamuonetsa mayeso mwana?" Kenako anamasulira, ndipo ndikhulupirireni, sanandichotsere ngakhale kachidutswa.

Dokotala wa maso anavula magalasi. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anangofunsa kuti vutoli linayamba liti. Ndinati chibadwire. Wamkulu wa opaleshoni anati nanga akhulupirira bwanji munthu amene wangovomera kumene kuti ndi wabodza? Mwina tsopano ndikunama kuti mwana asalowe ku fiyeta. Funso linali labwino. Bodza loyamba linali litadya mawu anga onse.

Ndi mng'ono wanga, uja wa moni ndi zikomo, amene anatchula mbale. Dokotala wa maso anamvetsera nesi akumasulira, n'kutuma munthu kukhitchini. Anabweretsa mbale ndi nthochi. Dokotala anaidula tizidutswa, n'kutiyala mozungulira m'mphepete mwa mbale, n'kuika pa kathebulo patsogolo pa wofatsa. Anandiloza ndi chala kuti ndikangotsegula pakamwa ndituluka.

Mwana anatola kachidutswa ka kumanja. Anatafuna pang'onopang'ono, ife tonse tikumuyang'ana ngati tikuonera mpira wa mapenate. Anatola kena, ndi kena. Mbali ya kumanja inatha. Anakhala kaye. Kenako kadzanja kaja, ndi chingwe cha diripi chikulendewera, kanagwira m'mphepete mwa mbale n'kuizungulitsa, osayang'ana n'komwe, ngati mmene munthu amakandira pomwe pamamuyabwa masiku onse. Anapitiriza kudya.

Dokotala wa maso anapumira m'mwamba. Anauza anzakewo kuti mwana amene wasiya kuona masiku asanu apitawo sangadziwe zimenezo, ichi n'chizolowezi cha zaka. Anapita kukayang'ananso zithunzi zakale za mutu, tsopano akudziwa chofunafuna, ndipo atabwerako fomu ija anaichotsa pathebulo. Anati amuyang'anitsitsa usiku ndi usana, koma ku fiyeta sapita.

Chimunthu cha manja aubweya chinandiuza mawu amene sindingawabwereze, ndipo nesi sanafunikire kumasulira. Onse atatuluka, dokotala wa maso anatsala.

"Munkaganiza kuti ndikanakana kuti awalekanitse?" anandifunsa.

"Eya."

"Anakuuzani ndani zimenezo?"

"Mzere uliwonse umene ndaimapo m'dziko muno."

Anapukuta magalasi ndi malaya. Kenako anati opaleshoni ikanachitika ndithu, mwana aone theka kapena asaone n'komwe, ndipo akanadziwa akanayamba kale kumuphunzitsa. Anatinso naye ali ndi mbali yake, poti anakayika tsiku lija n'kusiya kukayikako. Koma musaganize kuti tinakumbatirana. Anandichotsa ntchito pomwepo. Kuyambira tsikulo womasulira anali wa ku Chipata, ine udindo wanga unali kunyamula zikwama ndi kutsuka makapu. Apolisi sanabwere. Amalume mpaka lero amati ndinachita mwayi chabe.

Kumanzere kwa wofatsa sikudzabwerera, dokotala anatiuza mosabisa. Koma anati pali chinthu chimodzi chimene mwanayu sanachitepo chibadwire, ndipo tsopano angathe: kutembenuza mutu. Zaka zinayi khosi lake linali ndi munthu wina kumbuyo, likafuna kupita uku mnzake akukokera uko. Akaphunzira kulitembenuza yekha, chimene diso silimupatsa khosi lizimupatsa.

Kunena n'kosavuta. Masabata awiri dokotala ankabwera ndi bakha uja, kumuliza kumanzere, mwana osatekeseka. Khosi linali lolimba ngati chikuni, ndiponso bakhayo anali atamukwana. Tsiku lina wofatsayo anauza nesi kuti bakha ameneyu akamuphe adye. Nesi anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndinaona kuti ngakhale dokotala wayamba kutaya mtima.

Ndiye chilonda cha wolongolola chinapola, n'kumulola kutuluka m'chipinda chake. Chiwalekanitsire anali asanakumane. Dokotala anati amubweretse pa njinga ya odwala, koma asamuike kutsogolo. Amuike kumanzere kwa bedi, kumene wofatsa saona.

Wolongolola analowa pakamwa pali patsogolo monga mwa masiku onse. Yogati ya kuno ndi yowawasa, nesi wina ali ndi ndevu, mutu wake ukupepuka ngati baluni. Wofatsa atamva mawuwo anaumirira thupi lonse. Moyo wake wonse mawu amenewo ankachokera kumbuyo, m'fupa mwenimweni. Anakweza dzanja n'kupapasa kunkhongo kwake. Anapeza bandeji basi. Anapapasanso, milomo ikuyamba kunjenjemera, maso akufunafuna kutsogolo ndi kumanja, kulibe munthu.

Mawu anali atafika kale pa lilime langa. Ali kumanzere, mwanawe, ali kumanzere. Dokotala sananditembenukire n'komwe, anangokweza chala chimodzi. Ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ikudutsa pa zala.

"Iwe, ndili kuno!" anakuwa wolongolola. "Ukugona?"

Khosi lija linayamba kuyenda. Pang'ono, n'kuima. Nkhope inakwinyika ndi ululu. Linayendanso, ngati chitseko cha dzimbiri, mpaka chibwano chinafika pafupi ndi phewa. Ndipo anamuona.

Kwa nthawi yoyamba chibadwire wolongolola anasowa mawu. Anayang'anana, anayang'anana, mayi wawo akulira mu chitenje mopanda phokoso. Wofatsa anatambasula dzanja lija linali kunkhongo n'kugwira nkhope ya mnzake, chipumi, tsaya, n'kuima pakati.

"Mphuno yako ndi yaikulu," anatero. "Ngati ya amayi aakulu."

Dokotala anali atagwada pa simenti, magalasi ali m'manja. Anafunsa nesi kuti mwanayo wati chiyani. Nesi wa ku Chipata anandiyang'ana kaye, kenako anamasulira zonse monga mwa chizolowezi chake, osawonjezera, osachotsa ngakhale mphuno yanga.